Mtengwa Woyang'ana Apongozi Pakamwa

Asisi Dailes,

Akufuna kunditengera Tamiwe. Loweruka likubwerali akuchimuna akhala pansi ku Madzimoyo, ndipo alamu anga a Irene, alongo awo aakulu a mwamuna wanga, afika kale kuchokera ku Lusaka ndi chikwama choti aikemo zovala za mwana wanga. Ati mayi wosamva sangalere mwana. Musapse mtima msanga, werengani mpaka kumapeto, chifukwa m'katimu muli zabwino zambiri. Koma mukamaliza musakhalenso pansi.

Pepani, ndayamba wopanda moni ngati munthu wosaleredwa. Muli bwanji kumeneko ku Petauke? Alamu ali bwanji, mwendo uja unasiya kutupa? Nanga Kondwani, akuthawabe atsekwe a aneba? Ife kuno ku Nabvutika tadzuka bwino. Tamiwe wanenepa, akuthamanga ngati wamkulu, ndipo mawu amene akuwadziwa kuposa onse ndi akuti iyayi.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pa foni palibe pakamwa poti ndiyang'ane. Mawu anu amafika ngati mukulankhulira mu mgolo, ndipo tikamaliza mutu umandigunda mpaka madzulo.

Mukukumbukira matenda aja nditangobereka Tamiwe, kutentha thupi kuja ndi khosi kuuma. Ndinachira, tinathokoza Mulungu, inu n'kubwerera kwanu. Khutu lakumanzere linatsekeka ndithu, lakumanja limamva ngati lalowa madzi. Zimenezo mukuzidziwa. Chimene simukuchidziwa, chimene ngakhale ine mwiniwake sindinkachidziwa dzina, ndi kutopa.

Asisi, kumvetsera ndi ntchito. Inu mawu amangolowa okha. Ine ndimachita kuwatola limodzilimodzi ngati mtedza wotayikira mumchenga. Ndatola awiri, lachitatu lagwa. Ndiyang'ane pakamwa, ndiganize kuti kapena anati chakuti, pamene ndikuganizapo mwiniwake wapita kale patsogolo.

Ku msika wa Kapata kumene ndinkagulitsa tomato ndi repu ndiye kunali kondithera. Njinga zamoto uku, mawailesi uku, ogula atatu kulankhula nthawi imodzi. Dzuwa likafika pamutu ndinkakhala ngati ndalima munda wonse, chonsecho ndangokhala pa benchi. Kufika kunyumba, atate a Tamiwe angondifunsa kumene kuli sopo, ine kuwakalipira, kenako kulira. Anthu ankati Fainess wayamba matama. Ena ati ndi ulesi. Ena ati ali ndi pakati pena, akubisa.

Koipa kwambiri kunali kwa apongozi ku Madzimoyo. Mukuwadziwa aphunzitsi a Soko, atate awo a mwamuna wanga a Bizwell, aja amavala tayi ngakhale popita kudimba. Kwawo mtengwa sayandikira apongozi aamuna. Umagwada patali, chammbali, maso pansi, iwo n'kumalankhula atayang'ana kwina. Kale ndinkachita bwino zimenezi, malemu amayi anatilanga mokwanira. Koma tsopano maso anga ndiwo makutu anga. Ndikaweramitsa mutu ndatseka zonse.

Ndikati ndidzutse mutu ndione pakamwa pawo, apongozi aakazi kutsokomola, azakhali kutsinana, ati taonani wa ku Chiparamba uja, akuwayang'ana aphunzitsi ngati wapolisi wa pamsewu. Ndiye ndinkangowerama, kuomba m'manja ndi kunena inde. Gwirani bwino pamenepa, asisi, chifukwa mantha anga onse ali pomwepa. Ine ndikatopa ndimanena inde ku chilichonse, kuti phokoso lithe basi.

Anthu atamaliza kukolola kunali mwambo wa chiliza cha agogo awo a Bizwell. Anthu anadzaza bwalo. Kwaya ikuimba pa zokuzira mawu, kukhitchini amayi onse pakamwa pali yasa, uyu ati Fainess bweretsa mbale, uyo ati ndakuitana kangati iwe. Kuyambira m'mawa ndinamvetsera ndi mphamvu zanga zonse kuti ndisachititse manyazi mwamuna wanga. Chakumasana mutu unangozima. Sindinakomoke ayi, koma mawu onse anasanduka kulira kwa chigayo.

Ndinazembera kuseri kwa nkhokwe kuti ndipumeko pang'ono, Tamiwe ali pamiyendo. Ndinangoti nditseke maso. Tulo tinandiba.

Mwana anatsika n'kutsata anapiye mpaka pa chitsime cha kudimba, chosavundikira chija. Anamupeza ndi amayi ena obwera kudzatunga madzi, ali m'mphepete penipeni, akuponyamo timiyala, akuseka. Palibe chinamuchitikira, Mulungu ndi wamkulu.

Anandidzutsa ndi a Irene, mwana ali m'manja mwawo, anthu atandizungulira. Tsiku limenelo ndinamva liwu lililonse, chifukwa anachita kundiyandikira kumaso. Ati mudzi wonse wakhala ukufuula dzina la mwana, gonthi ali m'tulo. Ati mwana wa kwa Soko sadzafera m'chitsime iwo ali moyo. Ati kwawo ku Lusaka kuli mpanda, kuli geti, kuli sukulu ya mkaka.

Sindikuwada a Irene. Anachita mantha ngati ine ndemwe, ndipo Tamiwe amamukondadi. Koma mwana ndi wanga.

Ndinalira masiku ambiri. Kenako m'mawa wina ndikusambitsa Tamiwe ndinadzifunsa kuti kodi tsiku lija chinandigonetsa ndi khutu? Khutu siligonetsa munthu. Chinandigonetsa ndi kutopa. Ndinauza atate a Tamiwe kuti anditengere kuchipatala kwa oona makutu, ndikafunse ngati ndikupenga. Anapempha kuntchito kwawo ku sitolo ya mbewu ija, n'kundikweza pa njinga.

Kumeneko tinapeza anesi ena, a Molly. Anandiveka zinthu kumakutu, kundiuza kuti ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Atamaliza anakoka mpando, n'kukhala moyang'anana nane, bondo kukhudza bondo. Anandifunsa ngati madzulo ndimakhala ngati ndasenza njerwa tsiku lonse. Anandifunsanso ngati pagulu pamafika nthawi imene ndimangofuna kuthawa.

Asisi, ndinalira ngati mwana pamaso pa mlendo. Chiyambire palibe anandifunsapo zimenezo.

Iwo anati si ulesi, si ziwanda, si matama. Ati anthu ambiri osamva bwino amatopa chomwecho, chifukwa mutu umagwira ntchito yake ndi ya khutu yomwe. Anatembenukira kwa a Bizwell n'kuwauza kuti bambo, mkazi wanuyu akakhala chete sakukunyozani, batire yatha. A Bizwell anaseka, koma ndinaona akupukuta m'maso ndi chipewa. Za kamakina kovala m'khutu anati kangathandize khutu lakumanja, ndidikire adzandiitana. Koma anati ndisakhale ndikungodikira makina. Ndiphunzire kupumitsa makutu ndisanatheretu, osati nditagwa kale.

Tsopano imvani zimene mng'ono wanu wachita, uja mumati sangaphe ndi mphemvu yomwe.

Ku Kapata ndinachokako. Ndinaika tebulo pakhomo panga pompano, pansi pa mtengo wa mapeyala. Wogula amabwera mmodzi, amaima kutsogolo kwanga, timamvana bwinobwino. Tomato akutha ndithu, ndipo ndawonjezerapo makala ndi vitumbuwa.

Ndinapita kwa aneba anga a Esnat, amake mapasa aja, n'kuwafotokozera zonse popanda kubisa. Anagwira pakamwa, ati mayo ine, ndinkayesa umandida, ndimakupatsa moni kumbuyo iwe n'kumangopita ngati bwanamkubwa. Tinapangana. M'mawa makutu anga ali amphamvu, mapasa awo amasewera pakhomo panga iwo ali kumsika. Tikadya masana iwo amatenga Tamiwe, ine ndimalowa m'nyumba, kutseka chitseko, kukhala chete. Nthawi zina sindigona n'komwe, ndimangosankha nyemba popanda wondilankhula. Ndikatuluka ndimakhala munthu. Ana a pamzere wathu akudziwa, amauzana kuti musagogode, amake Tamiwe ali pa chaji.

Tsiku limene a Esnat kulibe ndipo tulo tandigwira, ndimakhoma chitseko, ndimamanga nsonga ya chitenje padzanja langa, nsonga ina m'chiuno mwa Tamiwe. Akangosuntha ndadzuka. Zovala zake ndamusokera zachikasu ndi zofiira, kuti diso limupeze msanga ngakhale pakati pa ana khumi.

Ndipo mwanayo ndi wochenjera, asisi! Waphunzira yekha kuti amayi saitanidwa kumbuyo. Akafuna kanthu amabwera kutsogolo, amandigwira masaya ndi timanja tiwiri, kunditembenuzira kwa iye, ndiye n'kunena. Tsopano akuchita chomwecho kwa aliyense. Atate ake amawagwira ndevu. Tsiku lina ndinamupeza atagwira mphaka masaya, akumuuza kuti iyayi.

A Bizwell nawo asintha. Akafuna kulankhula amayamba atseka wailesi. Zofuula ali kubafa anasiya. Amanyadira kwa anzawo ati mu Chipata monse ndi iwo okha amene mkazi wawo amawayang'ana akamalankhula, ena onse amalankhula ndi misana. Ine ndimawayankha kuti ndimayang'ana kuti ndione ngati akunama.

Ku tchalitchi ndimakhala kutsogolo, mbali imene khutu labwino limaloza kuguwa. Ku Chigwirizano cha amayi ndinaimirira n'kuwapempha kuti azilankhula mmodzimmodzi, ndipo ndikatuluka panja pang'ono asamati ndanyanyala. Amayi otsogolera anati mwana uyu watithandiza, chiyambire Chigwirizano lero ndi pamene tamva zimene mlembi amanena. Tinaseka mpaka misozi.

Mutu unasiya kugunda. Ndayambanso kuimba pochapa. Fainess wanu uja woseka wabwerera, mukadzandiona simudzakhulupirira.

Ndiye pali chimwemwe chomwechi, uthenga unafika kuti akuluakulu akhala pansi Loweruka pa nkhani ya Tamiwe. Mtima unagwa. Ndinaona zonse m'maso mwanga. Adzakhala m'chipinda chochezera chija cha malata, chimene mawu amamveka kawirikawiri. Ine ndidzagwada pakhomo, mutu pansi. Amadala adzalankhulira m'ndevu, uyu asanamalize uyo wayamba. Pofika nthawi yondifunsa ine, batire idzakhala itatha. Ndidzaomba m'manja n'kunena inde, ndipo inde ameneyo adzakwera basi ya ku Lusaka ndi mwana wanga.

Ndinati iyayi. Mawu a Tamiwe omwe aja.

Lachiwiri m'mawa, makutu akadali atsopano, ndinasiya mwana kwa a Esnat n'kukwera minibasi ya ku Madzimoyo ndekha. A Bizwell sindinawauze, akanandiletsa. Ndinapeza aphunzitsi ali pakhonde ndi wailesi yawo, apongozi aakazi akupeta mtedza pabwalo. Ndinagwada patali monga mwa masiku onse, ndinaomba m'manja, ndinapereka moni. Kenako ndinati atate, ndabwera kudzapempha chinthu chosayenera mtengwa.

Ndipo ndinadzutsa mutu. Ndinawayang'ana kumaso.

Apongozi aakazi lichero linawapulumuka, mtedza mbwee pansi, nkhuku n'kuthamangira. Koma ine ndinapitiriza. Ndinati chibadwire Tamiwe sindinamvepo mawu anu ngakhale amodzi. Mwakhala mukundilangiza, ine ndikuombera m'manja mphepo. Ndinati makutu anga anasamukira m'maso, ndipo ndikawerama kuti ndikulemekezeni ndiye kuti ndakutsekerani kunja. Ndiloleni ndikuyang'aneni pakamwa. Mukafuna kundilanda mwana, mundilande ndikumva.

Mumtima ndinati basi, ndaonjeza moto. Kenako anatambasula dzanja n'kutseka wailesi. Anaimirira, ananyamula okha mpando wawo, anatsika pakhonde pamene panali mthunzi, n'kudzaukhazika padzuwa pafupi ndi ine. Anavula chipewa kuti nkhope ioneke. Ndiye anandifunsa pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa ana a giredi wani, kuti amake Tamiwe, apa mukundimva?

Ndinawamva, asisi! Liwu lililonse! Ndipo mukudziwa chimene ndinaona? Aphunzitsi ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, wofanana ndendende ndi wa Tamiwe. Zaka zonsezi ndakhala m'banja lawo osadziwa kumene mwana wanga anautenga. Ndinatsala pang'ono kuseka pamalo osasekera.

Anandifunsa za tsiku la chitsime. Ndinawauza zonse, za kutopa, za anesi, za a Esnat, za chitenje cha padzanja. Sanandidule. Nditamaliza anati chitsimecho ndi chawo, ndipo anachivundikira ndi mitengo m'mawa mwake mwa tsiku lija, chifukwa mwana akanatha kugweramo ngakhale mayi wake ali ndi makutu anayi.

Apongozi aakazi anali akutola mtedza uku akung'ung'udza, ati nanga anthu adzati chiyani, mtengwa kukhala maso ndi maso ndi apongozi ngati ali pa bawo. Aphunzitsi anati lero zaona nkhuku zokha, ndipo nkhuku sizinena. Koma anati Loweruka kudzakhala akulu awo ndi azakhali onse, ndipo iwo sangathyole mwambo mozemba. Mwambo umatsekulidwa poyera, pakhomo pake.

Anati adzachita chotere. Msonkhano usanayambe, adzagwira nkhuku ya pakhomo pawo n'kuipereka m'manja mwa wamkulu wa kwathu, anthu onse akuona. Adzanena kuti kuyambira lero uyu salinso mtengwa woopa, ndi mwana wa m'nyumba muno. Wa kwathuyo akailandira, ine ndamasuka. Ndingakhale pafupi, ndingayang'ane nkhope ya aliyense, ndipo palibe adzatsokomole.

Ndinapemphanso zina, pakuti pakamwa panali patatseguka kale. Ndinati tikhale m'mawa, osati masana. Tikhale panja pansi pa mtengo wa mango, osati m'malata. Azilankhula mmodzimmodzi. Ndikakweza dzanja, tipume pang'ono. Anavomera zonse, ati m'kalasi mwawonso lamulo linali lomwelo, ndipo akulu awo aja akhala akufunika mphunzitsi kuyambira kalekale.

Pobwerera ndinkangomwetulira ndekha mu minibasi, mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndawina mpikisano. A Bizwell nditawauza anangokhala pa ndowa, ati iwe mkazi, ine ndemwe sindinawayang'anepo atate nthawi yaitali chomwecho.

Koma asisi, musayese kuti nkhani yatha. Aphunzitsi sanandilonjeze mwana. Anandiuza mosabisa kuti iwo ndi pakamwa pamodzi pakati pa ambiri, ndipo akulu awo ali mbali ya a Irene. Ati mudzadziyankhira nokha, amake Tamiwe, ine ndangokutsegulirani njira. A Bizwell akuti adzaima nane, ndipo ndikuwakhulupirira. Koma mukuwadziwa, pamaso pa a Irene amene anawalera ndi kuwaphunzitsa lilime limawalemera.

Kuyankha sindikuopa. Ndili ndi zonena, ndipo a Esnat avomera kupita kukachitira umboni. Chimene ndikuopa ndi chimodzi. Aphunzitsi ananenetsa kuti popanda wamkulu wa kwathu wolandira nkhuku, mwambo suchitika. Mwamuna wanga sangalandire, mneba sangalandire. Zikatero ndibwerera pakhomo paja, mutu pansi.

Ndinathamangira ku Chiparamba kwa amalume a Jonah. Ndinawapeza ali gone, mbali imodzi yafooka, ngakhale supuni akuchita kuwagwirira. Anangondigwira dzanja n'kutchula dzina lanu. Amayi kulibe, atate kulibe. Wamkulu wa kwathu watsala ndinu.

Sindikukupemphani kuti mudzandilankhulire. Pakamwa ndili napo, mwaona nokha. Mudzangotambasula manja n'kulandira nkhukuyo. Kenako mudzakhale kumanzere kwanga, mbali yakufa ija, kuti wina akalankhulira kumeneko mundikhudze ndicheuke. Ndipo mukadzaona ndayamba kugwedeza mutu ndi kunena inde, inde, mudzanditsine pantchafu monga munkachitira ndikamawodzera m'tchalitchi tili ana. Mudzatsine kwambiri, musadzandimvere chisoni.

Ndikudziwa kuti alamu sali bwino mwendo, ndipo mpendadzuwa wanu sunapunthidwe. Apempheni m'malo mwanga, muwauze kuti mlamu wawo wagwada. Kalatayi ndapatsira a Gideon, kondakitala wa basi ya m'mawa, amene amapemphera nafe. Alonjeza kuti aipereka m'manja mwanu lero lomwe.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Kondwani ndi ang'ono ake, ndi kwa apongozi anu amene anandipatsa mbewu ya maungu ija, muwauze kuti inabereka. Mulungu amene anagwira mwana wanga m'mphepete mwa chitsime akusungeni nonse, ndipo ayende nanu pamsewu.

Ndine mng'ono wanu,
Fainess, amake Tamiwe

Nyamukani Lachisanu, asisi, chonde. Ikakukanikani basi ya Lachisanu, kwerani yoyamba Loweruka, ndipo musafike m'tauni, mutsikire pa mphambano ya Madzimoyo. Mudzandipeza nditaima pamenepo, Tamiwe ali kumbuyo ndi diresi lachikasu. Musadzandiitane, sindidzamva. Mudzabwere kutsogolo kwanga ndikuoneni. Bwerani.